Mwana wanga msilikali wadzudzula Pulezidenti pa WhatsApp

Mayi wina wa ku Limbuli m'boma la Mulanje wandilembera ali ndi nkhawa. Mwana wawo, yemwe ndi msilikali, adajambula mawu pafoni n'kuwatumiza pagulu la WhatsApp la abale, kudzudzula Mtsogoleri wa Dziko kuti walephera pa nkhani ya mtengo wa feteleza. Wina adawatumiza kwina, mawuwo adayenda mpaka kufika kukampu, ndipo tsopano akuluakulu ake amuitana. Mayiwa akufunsa ngati mwana wawo alibe ufulu woyankhula monga Mmalawi aliyense, komanso ngati amumanga.

Mayi, ufuluwo ali nawo. Ndime 35 ya Malamulo a Dziko imapereka kwa munthu aliyense ufulu woyankhula zakukhosi, ndipo siyipatula ovala yunifolomu. Koma ndime 44 imalola kuti ufulu uchepetsedwe ngati pali lamulo lonena zimenezo, ngati kuchepetsako n'komveka, komanso ngati n'kofunika m'dziko la demokalase. Asilikali ali ndi lamulo lawolawo, Defence Force Act, lomwe limawamanga pa zinthu zimene inu ndi ine tingachite popanda wotifunsa. Kunyoza wamkulu wako ndi mlandu. Kuchita khalidwe losokoneza mwambo wausilikali ndi mlandunso, ndipo umenewu ndi ukonde waukulu, umakola zambiri. Pamwamba pa izi, ndime 78 ya Malamulo a Dziko imati Pulezidenti ndiye mkulu wa asilikali onse. Choncho mwana wanu akamadzudzula Pulezidenti poyera, lamulo limamuona ngati wantchito wonyamula mfuti amene akunyoza bwana wake wamkulu.

Mwina mwamva kuti masiku ano munthu samangidwanso chifukwa chodzudzula boma. N'zoona kuti mu 2022 Nyumba ya Malamulo idachotsa m'malamulo a milandu mlandu uja wa sedition, wotopola anthu kuti ade boma. Izi zidamasula atolankhani ndi anthu wamba. Sizidakhudze mwambo wa kukampu.

Mudzati koma adalankhula kwa abale okhaokha. Mfundo imeneyo ingamuthandize popempha kuti chilango chichepe, ndipo loya wake aikumbe bwino: gululo linali ndi anthu angati, adadzitchula kuti ndi msilikali kodi, adatukwana kapena adangodandaula, adatumiza kunja ndani. Kudandaula kuti thumba la feteleza lakwera n'kosiyana kutali ndi kunena kuti asilikali asamumvere Pulezidenti. Mawu achiwiriwa amayandikira mlandu wolimbikitsa kuukira, womwe ndi umodzi mwa milandu yoopsa kwambiri pausilikali. Komabe musadalire kwambiri zoti linali gulu la pabanja. Wojambula mawu pafoni amadziwa kuti amayenda, ndipo oweruza nawonso amadziwa.

Ine ndikuona kuti lamuloli lili ndi chifukwa chabwino, ngakhale likupweteka banja lanu lero. Kumbukirani April 2012. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5, panali anthu ofuna kuti Joyce Banda asalowe pampando. Asilikali, motsogozedwa ndi General Henry Odillo, adaima ndi Malamulo a Dziko, ndipo pa 7 mayiwo adalumbiritsidwa. Anthu a zipani zonse adavomera chifukwa palibe amene akadaloza gulu la nkhondo n'kunena kuti ndi la chipani chakuti. Pa zionetsero za 2019 anthu ankaombera m'manja akaona galimoto za asilikali pa chifukwa chomwecho. Ndipo namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchoka m'phiri mu March 2023, asilikali amene ankawolotsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe sankafunsidwa kuti amavotera ndani. Msilikali aliyense atayamba kulengeza mbali yake pafoni, chikhulupiriro chimenechi chingathe m'chaka chimodzi. Amene lero akusangalala kuti msilikali wanyoza mtsogoleri yemwe iwo samufuna, mawa adzanjenjemera msilikali wina akadzanyoza wawo.

Si kuno kokha. Ku America malamulo a asilikali ali ndi ndime 88 yoletsa maofisala kunyoza Pulezidenti, ndipo mu 2010 General Stanley McChrystal adachoka paudindo wotsogolera nkhondo ku Afghanistan chifukwa cha mawu onyoza akuluakulu a boma omwe iye ndi anyamata ake adalankhula pamaso pa mtolankhani.

Izi sizitanthauza kuti msilikali ndi chidole cha Pulezidenti. Kuno kwathu, ndime 160 ya Malamulo a Dziko imaika asilikali pansi pa ulamuliro wa anthu wamba, koma imanenanso kuti palibe munthu angawatume kuchita zosemphana ndi Malamulo a Dziko. Kukana lamulo losaloledwa, monga kuwombera anthu osalakwa, ndi nkhani ina. Kuvota nakonso ndi ufulu wake, ndipo m'kachipinda kovotera palibe sajeni womuyang'ana. Ngati dandaulo lake ndi la malipiro, alawansi kapena nyumba, alembe kwa mkulu wake, likwere mwa dongosolo.

Tsopano zoti achite. Asafufute chilichonse pafoni, chifukwa mawuwo ali kale m'manja mwa ena ndipo kufufuta kudzaoneka ngati kubisa umboni. Asajambulenso mawu ena odzitchinjiriza kapena opepesa pagulu. Akaitanidwa apite pa nthawi yake, mwaulemu, ndipo afunse kuti akumuimba mlandu wanji, pansi pa ndime iti. Milandu yaing'ono imaweruzidwa ndi mkulu wa gulu lake, ndipo chilango chingakhale kudzudzulidwa, kudulidwa malipiro kapena kutsitsidwa udindo. Yaikulu imapita ku khothi la asilikali, komwe munthu angathe kuchotsedwa ntchito kapena kutsekeredwa. Akamutsekera, ndime 42 ya Malamulo a Dziko imamupatsa ufulu wouzidwa chifukwa chake, wolankhula ndi loya, komanso wosakakamizidwa kuvomera mlandu. Asasaine chikalata chimene sanawerenge. Ndaona anthu ambiri akudzimanga okha ndi sitetimenti yolembedwa ali ndi mantha.

Akamuchotsa ntchito kapena kumulanga popanda kumumva mbali yake, ndime 43 imamulola kufuna zifukwa zolembedwa, ndipo High Court ili ndi mphamvu younikanso chiganizo chilichonse cha boma. Nthawi yokadandaula kumeneko ndi yochepa, miyezi itatu, choncho musagone nazo. Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau. Ofesi ya Ombudsman imalandiranso madandaulo a kupondereza kwa maofesi a boma.

Inuyo mayi simuli msilikali. Za feteleza mungalankhule pamsonkhano wa mfumu, kwa phungu wanu kapena pa wailesi, malinga ngati simutukwana kapena kuopseza munthu, ngakhale pafoni, pakuti lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa intaneti limagwira aliyense. Koma pa nthawi ino, mlandu wa mwana wanu usanathe, musatchule dzina lake kapena kampu yake polankhulapo, ndipo uzani abale a pagulu lija asiye kutumiza mawuwo.