Yankho kwa asuweni pa za ulendo wa ku Tanzania

Asuweni, funso lanu ndalimva, ndipo ndikuyankha pagulu pompano kuti alamu nawonso amve, popeza tonse tikudziwa kuti foni yanu mumamvera awiri. Mwafunsa kuti pa tsiku limodzi limene latsala pa ulendo wanu wa ku Serengeti ndi Ngorongoro mukaone Amasai kapena Ahadzabe. Koma ine ndinakudziwani tikusewera masanje, ndipo inu mukafunsa mwaulemu chotere ndiye kuti nkhawa ili pena. Chikukusowetsani mtendere n'chakuti mukatsika galimoto pakati pa azungu a kuntchito kwanu, kamera ili m'manja, n'kumajambula Aafirika anzanu monga mmene munajambulira mikango dzulo lake. Kanani ngati ndikunama.

Ndisanafike kumeneko, mukumbukire amalume, bambo anu aang'ono aja, pa zaka zimene ankakhala ku Chembe. Iwo ankatenga alendo ogona m'mbali mwa nyanja kukawaonetsa mudzi, ndipo alendowo asanafike ankathamangitsa mwana kukauza amayi kuti abise zidebe zapulasitiki, atulutse mitsuko ndi mitondo. Chigayo chinali chapafupi ndithu, koma tsiku limenelo amayi ankasinja, nthawi zina mumtondo muli gaga yekhayekha, uku akuimba ndi kuseka chapansipansi. Palibe mayi amene anadandaulapo za kusinjako. Mlandu unabuka tsiku limene mmodzi wa iwo anaona ndalama zimene mlendo anaika m'manja mwa amalume, n'kuziyerekeza ndi kachidutswa ka sopo kamene iwo ankalandira. Nkhaniyo inapita kwa amfumu... ayi, ndinene bwino, kwa amfumu siinafike, inathera pakhonde pa agogo. Agogo anagamula kuti alendo azibwerabe, kusinja kuzichitikabe, koma ndalama ziziwerengedwa pamphasa aliyense akuona. Amalume anakwiya mpaka kusiya kudyera kumeneko kwa kanthawi, komabe ntchitoyo anapitiriza, ndipo amayi aja ndiwo anayamba kuwakumbutsa za alendo.

Tsopano za Amasai. M'midzi imene imalandira alendo m'mbali mwa msewu ku Ngorongoro, adzakulandirani ndi nyimbo, anyamata adzadumpha gule wawo wa adumu, adzakulowetsani m'nyumba yamitengo yomata ndi dothi ndi ndowe imene amamanga amayi, kenako mudzatulukira pamene ayala mikanda yogulitsa. Zonsezo n'zokonzeratu, musadzinamize. Koma dziwani chimene chawafikitsa pamenepo. Mu 1959 anasamutsidwa ku Serengeti n'kupatsidwa Ngorongoro kuti azikhala ndi ziweto zawo pamodzi ndi nyama zakutchire, koma mu 2009 kulima m'deralo kunaletsedwa. Kuyambira 2022 boma lakhala likusamutsira mabanja ku Msomera, m'dera la Handeni, likunena kuti akupita mwa kufuna kwawo, pamene Amasai ambiri akutsutsa zimenezo, ndipo chaka chomwecho ku Loliondo kunabuka ziwawa boma litadula malo okwana masikweya kilomita 1,500 kuti akhale osungirako nyama. Munthu woletsedwa kulima amagula chimanga, choncho mayi amene adzakukakamirani ndi chibangili cha mikanda akufunafuna ufa wa ana ake.

Ahadzabe ndi nkhani ina. Amakhala kufupi ndi nyanja ya Eyasi, ndipo alipo opitirira pang'ono 1,000, mwa iwo ochepa okha ndi amene akudalirabe kusaka ndi kutola zakutchire. Kuchokera ku tauni ya Karatu mumanyamuka kusanache, pamsewu wafumbi wopita ku Mang'ola, chifukwa amuna amalowa m'tchire ndi uta ndi mivi dzuwa likungotuluka, pamene amayi amakumba mizu yodyedwa ndi ndodo zosongoka ndi kutola malambe. Uchi ndiwo chakudya chimene amachikonda kwambiri, ndipo pali mbalame imene imawalondolera kumene kuli njuchi. Malo awo akhala akuchepa chifukwa cha minda ya anyezi ndi ng'ombe za Adatoga, mtundu wina wa anthu a m'deralo, ngakhale kuti mu 2011 a m'chigwa cha Yaeda analandira chikalata chowatsimikizira umwini wa malo awo. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti m'misasa ina yofikako alendo tsiku ndi tsiku, ndalama zochepa zimene zimatsala zimathera ku mowa, ndipo zambiri zimapita ndi anthu apakati.

Ndiye... mfundo yanga ndi iyi. Kuti gule wakonzedwera alendo si chinthu chochititsa manyazi, chochititsa manyazi ndi kusadziwa amene walandira ndalama zanu. Lemberani kampani imene ikukutengani, muifunse kuti pa ndalama zimene mwalipira, zingati zikufika kumudziko, zikuperekedwa kwa yani, ndiponso ngati womasulira ndi mwana wa komweko. Mukafika, perekani moni, funsani musanajambule munthu, ndipo kamera iyambe yakhala m'chikwama kufikira mutacheza nawo. Pa funso lenilenilo, ine ndingasankhe Eyasi, chifukwa Amasai mudzakumana nawo njira yonse kuchokera ku Arusha, koma pokhapokha ngati mungagone ku Karatu kapena ku Mang'ola n'kukhala nawo m'mawa wonse.

Ndibwereze, chifukwa ndikudziwa kuti pofika pano mwayamba kale kulemba mondiyankha musanamalize kumvetsera: pitani ndithu, musadzibise m'galimoto chifukwa cha manyazi, popeza kukhala kwanu m'galimoto sikuthandiza mayi wa mikanda uja, koma ndalama ziwerengedwe pamphasa monga anagamulira agogo. Alamu, ngati mukumva, muwathandize kulemba kalatayo lero lomwe, ndipo funso likhale lomwelo lakuti ndalamazo akulandira ndani. Akakuyankhani munditumizire yankholo ndilione, ndipo akayamba kuzungulirazungulira osatchula mudzi kapena munthu wolandira, mufunefune kampani ina nthawi ikadalipo.