Akavalo ozungulira aja anayamba ngati masewera a asilikali

Amayi, mwati mwana wanu atatsika pa akavalo ozungulira ku Show, chionetsero cha zaulimi cha ku Lusaka, anakufunsani kuti anayambitsa zimenezi ndani, nanga bwanji amaikapo akavalo osati ng'ombe kapena abulu. Ndaona ambiri muno akuyankha moseka kuti ndi azungu basi. Sakunama, koma mwanayo wafunsa zanzeru, tisamuthamangitse ndi yankho lalifupi chotero. Ine ntchito yanga ndi yokonza makina, ndiye chinthu chikamazungulira mtima sukhala pansi mpaka nditaona chomwe chikuchizunguza.

Mumuuze kuti katungwe ameneyu poyamba sanali wa ana. Anali wa amuna a ndevu zawo, okwera akavalo pankhondo. Ku France, mawu oti carrousel ankatanthauza chionetsero cha okwera akavalo. Mu Juni 1662 mfumu Louis XIV inachititsa chionetsero chachikulu chotere ku Paris pokondwerera kubadwa kwa mwana wake wamwamuna, ndipo bwalo lomwe anachitirapo mpaka lero limatchedwa Place du Carrousel. Masewera amodzi otchuka nthawi imeneyo anali opachika mphete yaing'ono m'mwamba, munthu n'kubwera pa liwiro la kavalo kuti aikolowole ndi nsonga ya mkondo. Kuti anyamata aphunzire popanda kutopetsa akavalo enieni, anazika mtengo pakati, n'kumangirirapo mitanda, kumapeto kwake n'kulendeweka akavalo osema. Wina, kaya wantchito kaya bulu, ankakankha kuti chizungulire, mnyamata ali pamwamba ndi mkondo wake kulasa mphete. Akavalo anachokera pamenepo. Asilikali akumeneko ankakwera akavalo, osati ng'ombe.

Anthu wamba ataona kuti n'chosangalatsa anayamba kupanga zawo n'kumayenda nazo m'misika. Koma zinali zazing'ono, chifukwa mphamvu yake inali ya munthu kapena chiweto. Ku Hanau, m'dziko la Germany, kuli katungwe wotere wa mu 1780 amene akadalipo, ndipo zomuzunguza zinabisidwa pansi pake kuti olemera okwerawo asaone thukuta la ozunguza.

Mbali imene imandikoma ine ndi yotsatirayi, chifukwa ikukhudza ulimi. Cha mu 1861, ku Bolton ku England, Thomas Bradshaw anamangirira injini ya nthunzi pa katungwe wake. Kenako kunabwera Frederick Savage wa ku King's Lynn. Bamboyu ntchito yake inali kupanga ndi kukonza makina a kumunda. Eni akatungwe ankabwera kwa iye kudzakonzetsa zitsulo zawo, iye n'kuona kuti pali msika. M'zaka za m'ma 1870 anayamba kupanga akatungwe okhala ndi injini pakati penipeni, kenako anawonjezera chinthu chimene ana amachikonda kuposa kuzungulira komweko: kukwera ndi kutsika kwa kavalo. Ndiye mukaona akavalowa ali pafupi ndi mathirakitala ndi zigayo ku Showgrounds, musadabwe kuti asochera. Ndi a mtundu umodzi.

Kukwera ndi kutsikako sikovuta monga mmene kumaonekera. Ulendo wina mukapita, musamangoyang'ana kavalo, kwezani maso kudenga. Chitsulo chimene chaboola kavalo pamsana chapachikidwa pa chitsulo china chopingasa, chokhota ngati chopalasira njinga. Kumapeto kwa chopingasacho kuli giya yaing'ono imene imayenda pamwamba pa giya yaikulu yosasuntha ya pamtengo wapakati. Denga likamazungulira, giya yaing'onoyo imakakamizika kugudubuzika, chokhota chija n'kumakweza ndi kutsitsa kavalo. Mota ndi imodzi yokha. Lero ndi ya magetsi, koma nzeru yake ndi yomwe ija ya nthawi ya nthunzi.

Ku America nkhani inapita patsogolo chifukwa cha amisiri osema ochokera ku Ulaya. Gustav Dentzel wochokera ku Germany anakhazikika ku Philadelphia, ndipo Charles Looff anamanga katungwe woyamba wa ku Coney Island, malo achisangalalo a ku New York, mu 1876. Kavalo aliyense ankasemedwa pamanja, mpaka misempha ya m'khosi ndi mano kuoneka. Anali ochenjeranso pa ndalama: mbali ya kavalo yoyang'ana kunja, imene makolo olipira amaiona, ankaikongoletsa kwadzaoneni, yamkati n'kungoipaka utoto. Mphete ija sanaitaye. Ankaika chitsulo m'mbali chotulutsa mphete, wokwera kavalo wakunja n'kumatambasula dzanja kuti atsomphole. Zambiri zinali zachitsulo wamba, koma wopeza yamkuwa ankakweranso ulere. Akatungwe a ku America amazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, dzanja lamanja n'kukhala kunja kumene kuli mphete, pamene a ku Britain amatsata mivi ya wotchi. Chuma chitagwa mu 1929 mafakitale ambiri anatseka, ndipo pambuyo pake akavalo anayamba kuumbidwa ndi aluminiyamu, kenako pulasitiki wolimba wotchedwa fibreglass. Amene ana athu amakwera masiku ano ndi oumbawo. Mukagogoda ndi chala mumamva kuti m'kati mulibe kanthu.

Pali kankhani kena kamene sindingakasiye. Paki ya Gwynn Oak ku Baltimore, ku America komweko, inkakaniza anthu akuda kulowa. Anthu atachita zionetsero n'kumangidwa ambiri, inatsegulidwa kwa onse pa 28 Ogasiti 1963, tsiku lomwelo Martin Luther King, womenyera ufulu wa anthu akuda, ankalankhula ku Washington, ndipo kamtsikana kachikuda kosakwana chaka kanakwezedwa pa kavalo wa pakatungwe wa pamenepo. Katungweyo pambuyo pake anamusamutsira ku Washington komweko.

Ine ndinakwera koyamba ndili wamng'ono, bambo atatitenga kuchoka ku Chilenje tsiku lomaliza la Show, Lolemba la Tsiku la Alimi. Fumbi la Ogasiti linali m'maso, m'manja ndili ndi timangwee timene ndinasunga mwezi wonse. Ndinasankha kavalo wofiira wothothoka khutu limodzi, wa mzere wakunja, osadziwa kuti wakunja ndiye amathamanga kwambiri, poti amayenda mtunda wautali pa nthawi yofanana ndi wamkati. Ndinali nditangomwa chakumwa chozizira. Zimene zinachitikira nsapato za bambo nditatsika, mlongo wanga amazikambabe pamaliro ndi paukwati pomwe.

Ndiye amayi, ngati wanuyo ndi wamng'ono kapena amachita chizungulire msanga, mukhazikeni pa mzere wamkati, ndipo adye atatsika. Musanalipire yang'anani ngati lamba womangira mwana alipo, ndipo mvetserani kulira kwa magiya kudenga: akamakukuta ngati chigayo chopanda chimanga, ndiye kuti girizi anaiwalika kalekale, pitani pena. Akakwera, mumufunse kuti akuzungulira motsata wotchi kapena mosemphana nayo, akuuzeni yekha ngati ndi kachitidwe ka ku Britain kapena ka ku America.