Kwa mayi amene mwana wawo wasankhidwa kukaphunzira udokotala

Mayi, choyamba ndakunyadirani, mwalera. Mwati mtsikana wanu wasankhidwa ku KUHeS, yunivesite yophunzitsa zaumoyo ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo akungonena za kudzakhala dokotala wa maopaleshoni, koma inu mukuopa kuti akungotengeka ndi dzina loti "adokotala". Ine ndinadutsa njira yomweyo, ndiye ndiyankhe.

Chifukwa chomwe walowera chisakudetseni nkhawa. M'kalasi mwathu wina analowa chifukwa agogo ake anamwalirira pabenchi akudikira thandizo, wina chifukwa aphunzitsi a Biology anamuuza kuti "iwe ndiwe dokotala basi". Ineyo ndinkangosirira malaya oyera aja ndikamaperekeza mayi anga kuchipatala kuchokera ku Chinamwali. Zifukwa zonsezi zimakayesedwa kuwodi, ndipo zambiri zimasintha.

Chomwe ndimaopera ana anzeru ngati wanuyu ndi kuloweza. Ku MSCE kuloweza manotsi kumakhozetsa, koma kumeneko zowerenga ndi zambiri moti mutu sungasunge zonse. Ine ndinazolowera kuwerenga ndekha usiku, ndipo mayeso oyamba a anatomy, phunziro la kapangidwe ka thupi la munthu, anandigwetsa, ndinalira ndithu. Ndinadzuka nditalowa m'gulu la anzanga asanu. Timatenga nkhani ya wodwala mmodzi, tinene mwana wotupa miyendo, n'kumafunsana kuti vuto lili mu impso, mumtima kapena m'zakudya, mpaka aliyense afotokoze ndi pakamwa pake. Mumuuze asachite manyazi kufunsa. Mumukonzekeretsenso za tsiku loyamba kuona mtembo mu labu: fungo la formalin, mankhwala osungira mitembo, limakanirira m'zovala, ndipo ena tsiku limenelo nsima siwadutsa pakhosi. Sikuti ndiye kuti udokotala wamukana.

Za maopaleshoni, musamuletse koma musamumangirirenso pamenepo. Sukuluyi inayamba mu 1991 ngati College of Medicine, n'kudzakhala KUHeS mu 2021 itaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo ophunzira ake amazungulira m'mawodi onse a Queens ku Blantyre: a ana, a amayi oyembekezera, a matenda a akuluakulu, a maopaleshoni. Amapitanso ku Mangochi kukaphunzira zaumoyo wa m'midzi. Akamaliza pali internship, nthawi yogwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, asanayime payekha. Ndi zaka zambiri zimenezo, mtima umapeza pokhazikika.

Ineyo mtima wanga umandipweteka ndi Zomba Mental Hospital, yomwe tili nayo pakhomo pano. Odwala amachokera kutali, koma madokotala a matenda a maganizo ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ophunzira atsopano saganizira n'komwe za mbali imeneyi. Akadzabwera kuno kudzaphunzira mbali imeneyi, adzaione ndi maso awiri.

Pakadali pano, ngati muli ndi kangachepe, yambani ndi laputopu, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, chifukwa mabuku ambiri amawerengera pamenepo. Ndipo mukamamuimbira foni muzimufunsa ngati akudya ndi kugona bwino, osati za magiredi zokha.