Ndikaika Ubuntu pambali pa Windows, mafayilo anga apulumuka?

Funso: Akulu, laputopu yanga ili ndi Windows 10, disiki yake ndi ya 500GB yogawidwa pawiri, C ndi D. Ku D ndi komwe kuli zithunzi za ana ndi ntchito zanga za zaka zambirimbiri. Pano ndikufuna ndiikemo Ubuntu (sisitimu ya Linux yoyendetsa kompyuta ngati Windows) pambali, mnzanga akuti ndisaope bola osakhudza D basi. Zoona zimenezi? Mtima uli m'mwamba ine.

Yankho: Mwachita bwino kufunsa musanayambe, ambiri amatilembera madzi atafika kale m'khosi. Mnzanuyo sananame koma sanakuuzeni zonse. C ndi D mumaziona ngati ziwiri koma disiki ndi imodzi yomweyo, anangoidula ngati zipinda m'nyumba, ndiye mukadina paja palembedwa Erase disk and install Ubuntu imasesa nyumba yonse, D yemwe amapita. Choncho musanachite chilichonse koperani za ku D pa hadi disiki yakunja, mutsegule zithunzi zingapo kumeneko muone kuti zikutsegukadi, kenako muizule muiike patali. Osaisiya ili yolumikiza ayi, nayonso imatuluka pa mndandanda wa madisiki nthawi yoika ija ndipo kuisankha mwangozi sikuchedwa.

Malo a Ubuntu muwapezeretu muli mu Windows momwemo. Tsegulani Disk Management, dinani kumanja pa C musankhe Shrink Volume. Ubuntu amapempha 25GB koma mukatha mupatseni 60GB kapena kuposa, amadzadza msanga. Malo otsalawo aoneka ndi kamzere kakuda kolembedwa Unallocated, asiyeni choncho osawafomata. Muzimitsenso Fast Startup chifukwa imapangitsa Windows kuti asatseke disiki bwinobwino pozima, ndipo ngati BitLocker (loko wa Windows wotsekera disiki) ili yoyaka lembani kiyi yake ya manambala 48 ija papepala, makamaka muizimitsiretu BitLockeryo, apo bii kompyuta itha kudzakufunsani kiyiyo inu mulibe.

Tsopano apa ndi pomwe anthu amalirira, ndipo ndikupempheni muwerenge modekha. Mukalowa mu instola, pulogalamu yoikira Ubuntu, mulibe C, mulibe D. Muona zinthu ngati sda2, sda4 kapena nvme0n1p3, ndiye munthu umangoganizira kuti mwina iyi ndi ija, kuganizira kumeneko ndi komwe kumapha mafayilo. Ine ndimatenga kapepala ndisanazimitse Windows, nkulemba patishoni iliyonse (chigawo cha disiki, ngati C kapena D) ndi kukula kwake motsatana momwe zikuonekera, nkukaika pambali pa kiyibodi. D mumupatse dzina loonekera, ngati ZANGA, mapulogalamu ogawira disiki ngati GParted amalionetsa dzinalo. Manambala asakudabwitseni akasiyana pang'ono, Windows amawerenga mwa njira ina, Ubuntu mwa njira inanso, patishoni ya 200GB mu Windows kuno itha kuoneka ngati 214GB. Ngati zomwe zili pa sikirini sizikugwirizana ndi kapepala kanu, bwererani m'mbuyo, palibe akukuthamangitsani.

Muonanso kapatishoni kakang'ono ka 100MB kapena 260MB ka FAT32, kooneka ngati kopanda ntchito. Chonde musakafufute, musakafomate. Ndi ka EFI, momwe muli mafayilo oyatsira Windows, kakapita Windows sayakanso ngakhale C ali bwinobwino. Ubuntu amangoikamo zake momwemo nkukhala limodzi. Kena ka Recovery nako kasiyeni.

Laputopuyo ikakhala yakale, disiki itha kukhala ya MBR, kagawidwe kakale, yomwe imangolola mapatishoni a primary 4 basi, pomwe ya GPT, kagawidwe katsopano, mu Windows imafika 128. Akakhala akwana kale 4 musafufute imodzi kuti mupeze mpata, tilembereninso kaye.

Zonse zikakhala bwino sankhani Install alongside Windows, ikamafunsa komaliza kuti ilembe zosinthazo pa disiki werengani mzere uliwonse, patishoni yanu ya ZANGA isapezeke pa zofomatidwa. Chaja ikhale yolumikiza mpaka kumapeto, ikazima ili mkati mogawa ndiye zavuta.

Ndipo zikachitika kuti mwafufuta D mwangozi, imani pomwepo, osapitiriza kuika, osasevapo kanthu. Kufufuta patishoni nthawi zambiri kumangochotsa dzina lake pa tebulo la disiki, mafayilo amakhala akadali pomwepo mpaka china chilembedwe pamwamba pake. Yatsani kompyuta kuchokera pa fulashi yoikira Ubuntu muyese pulogalamu ya TestDisk, ndi yaulere ndipo imatha kubweza patishoni yonse momwe inalili.