Musasiye ntchito chifukwa cha kalata imeneyo

Achemwali, mwanena kuti akukanizani PIP, ndalama imene boma la UK limapereka kwa anthu olumala kapena odwala matenda okhalitsa, atakupatsani mapointi 6 okha, ndipo mukuganiza zosiya ntchito. Kalata yoteroyo inenso inandipeza mu 2018, ndipo zimene inanena ndikuzikumbukirabe: mapointi 0 pa zochita za tsiku ndi tsiku, mapointi 0 pa kayendedwe, chikhalirecho munthu amafunika mapointi 8 kuti alandire ndalama yochepayo, ndi 12 kuti alandire yokwererapo. Ndinali nditagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester kwa zaka 11, kunyamula anthu usiku ndi usana, kufikira nyamakazi inandidya m'chiuno ndi m'mawondo. Abwana anandichitira chifundo nandisamutsira pa tebulo lolandirira alendo, maola anayi patsiku, masiku atatu pa sabata. Ntchito yokhala pansi imeneyi ndiyo anandiphera.

Tsiku lokapimidwa ndinadzuka 5 koloko kuti mankhwala ayambe kugwira, mwana wanga wamkazi anandisambitsa ndi kundiveka, chifukwa ife tinaleredwa kuti kuofesi sapita ndi zovala zamakwinya. Nditalowa, mayi wopimayo anandilonjera, ine ndinayankha kuti ndili bwino, monga amayankhira Mmalawi aliyense ngakhale ali chigonere m'chipatala. Nditaitanitsa lipoti lake, limene amalitcha PA4, ndinaliwerenga ndili ndekha kukhitchini, ndipo ndinapeza kuti moni uja anaulemba ngati umboni. Analemba kuti ndinanena ndekha kuti ndili bwino, kuti ndinali waukhondo ndi wovala bwino, choncho ndimatha kusamba ndi kuvala, ndiponso kuti popeza ndimapita kuntchito ndiye kuti ndimayenda mamita oposa 200. Sanalembe kuti ndinaima kawiri ndi kutsamira khoma pakati pa khomo ndi chipinda chake, ngakhale kuti anali pambuyo panga akundionerera. Sanalembe kuti amene anandiveka nsapato tsiku limenelo ndi mwana wa zaka 15. Ndinalira mpaka mpunga unapserera pa chitofu, osati chifukwa cha ndalama, koma chifukwa munthu amene anakhala nane mphindi zosakwana 40 ananditcha wabodza mwaulemu, pa pepala la boma. Mpaka lero mayi ameneyo sindinamukhululukire, ndipo sindimvetsa kuti munthu wophunzira za chipatala amagona tulo bwanji atalemba zotere.

Ndinapempha kuti aunikenso chigamulocho, chimene amati mandatory reconsideration, koma sanasinthe ngakhale pointi imodzi. Pamenepo ndinakwiya ndipo ndinasiya ntchito, poganiza kuti ndiyo inkandilepheretsa. Alangizi a ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwaulere, ndiwo anandithandiza kulemba fomu ya apilo yotchedwa SSCS1, ndipo patapita miyezi isanu ndi itatu ndinakhala pamaso pa anthu atatu a bwalo la apilo: woweruza, dokotala, ndi munthu wodziwa za ulumali. Iwo sanandifunse dzina la matenda. Anandifunsa mmene ndimalowera m'bafa, amene amasenda mbatata kunyumba kwathu, ndi chimene chimandichitikira madzulo ndikaweruka. Anandipatsa mapointi 10 pa zochita za tsiku ndi tsiku ndi 10 pa kayendedwe, ndipo ndalama zonse za m'mbuyo zinalowa nthawi imodzi.

Komabe inu ntchito musasiye. Bwalo limayang'ana mmene munalili pa tsiku limene chigamulo choyamba chinaperekedwa, kotero kusiya kwanga sikunawonjezere kanthu pa mlandu, kunangotisiya ndi ngongole ya lendi. PIP sayang'ana malipiro kapena ndalama zimene munasunga, ndipo lamulo limalola munthu kugwira ntchito ngakhale sabata yathunthu akulandirabe. Chimene muyenera kuchita ndi kufotokoza mmene mumaigwirira ntchitoyo: amene amakutulani pakhomo, mpando umene anakusinthirani, masiku amene mwajomba, ndi maola amene mumagona mukabwerako. Pemphani abwana anu alembe kalata yonena zimenezi. Ngati mukulandiranso Universal Credit, thandizo la boma la anthu opeza ndalama zochepa, kumeneko nkhani ndi ina, chifukwa amadula mapeni 55 pa paundi iliyonse imene mwapeza kupitirira malire amene anakuikirani, ndipo amene ali pa ESA, thandizo la anthu amene matenda amawalepheretsa kugwira ntchito mokwanira, ntchito yawo yololedwa iyenera kuchepera maola 16 pa sabata. Musasakanize malamulo atatuwa, chifukwa ambiri a ife timawopsezana ndi lamulo la thandizo lina.

Polemba apilo, pa chochita chilichonse munene ngati mumachichita popanda ngozi, mokwanira, mobwerezabwereza, ndiponso mu nthawi yosaposa kawiri imene munthu wathanzi amatenga, chifukwa ngati chimodzi mwa zinayizi chikukanika pa masiku oposa theka, lamulo limawerenga kuti simungathe. Lembani m'kabuku kwa masabata awiri zimene zikuchitika, ndi zochititsa manyazi zomwe za kuchimbudzi, zimene ife amayi timabisa. Mukasankhe kukaonekera nokha m'malo moti aweruze mapepala okha, ndipo mukavale bwino monga mwa masiku onse, koma mukanene amene wakuvekani. Dziwaninso kuti bwalo lili ndi mphamvu yochotsa ngakhale mapointi 6 amene akupatsaniwo, choncho mlangizi awone mapepala anu musanapite. Kwa ena amene akuwerenga muli pa viza yolembedwa kuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti simuloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma, PIP musaipemphe musanafunse loya wa za olowa m'dziko, chifukwa ingakuwonongereni mapepala.

Mwezi umodzi wopemphera kuti aunikenso amauwerenga kuyambira tsiku lolembedwa pamwamba pa kalatayo, osati tsiku limene inagwa pakhomo. Mukachedwa amalolabe mpaka miyezi 13 ngati pali chifukwa chomveka, koma musadalire zimenezo. Imbani foni ku ofesi ya PIP mawa m'mawa, mupemphe kuti aunikenso, muitanitse PA4, kenako mutumizenso pempholo polemba ndipo musunge risiti ya ku positi.