Mlezi wa kumkombaphala ayenera kudziwa chiyani?

Mayi wina wa ku Lunzu wandilembera pa imelo. Mwana wake wa zaka zitatu wayamba sukulu ya mkombaphala, ndiye wamva kuti mlezi wa kumeneko analekezera Fomu 2. Akufunsa ngati pali muyezo wa anthu osamalira ana aang'ono, komanso ngati ndi bwino kumuchotsako mwanayo.

Mayi, muyezo ulipo. Malawi ili ndi ndondomeko ya kakulidwe ka ana aang'ono kuyambira 2003, ndipo ntchitoyi ili m'manja mwa unduna woona za jenda, kudzera ku ofesi ya Social Welfare pa boma lililonse. Alezi a m'ma CBCC, omwe ndi malo a m'madera osamalirako ana aang'ono, amayenera kuchita maphunziro oyambira a pafupifupi masabata awiri. Masabata awiri ndi ochepa, sindikana, ndipo alezi ambiri amagwira mongodzipereka, osalandira kanthu pa mwezi.

Choncho funso loyamba lisakhale la Fomu 2. Funsani ngati anaphunzitsidwa za ana, ndipo anamuphunzitsa ndani.

Kenako pitani m'mawa wina osanena, mukakhale pansi ola limodzi. Mwana akalira, mlezi amagwada n'kumufunsa chavuta n'chiyani, kapena amathyola kamtengo? Womenya mwana walephera kale, ngakhale atakhala ndi digiri. Onani ngati ana amasamba m'manja ndi sopo asanamwe phala. Onani ngati akusewera, kuumba dothi, kuimba, kumvera nthano, kufunsa mafunso. Makolo ambiri timanyadira mwana akamaloweza Chingerezi ngati chinkhwe, koma wa zaka zitatu amaphunzira posewera, m'chilankhulo chimene amamva kunyumba. Zondiwawa n'zoti alezi ena amasiya masewera chifukwa ife tomwe timawakakamiza kuti mwana azibwera ndi homuweki.

Mlezi wodziwa ntchito amazindikira mwana amene akunyentchera kapena wachedwa kulankhula, n'kukambirana ndi makolo paokha, osati pagulu, ndipo amawatumiza kusikelo kapena kwa mlangizi wa zaumoyo. Za m'nyumba mwanu sakaziulula pamjigo. Koma akaona zizindikiro za nkhanza sakhala chete: lamulo loteteza ana la 2010 lilipo, ndipo nambala ya foni ya 116, yonenerako za nkhanza kwa ana, ndi yaulere.

Mukapeza zimenezi, musiyeni mwana pomwepo. Ngati mleziyo sanapiteko kumaphunziro, uzani komiti ya makolo ikapereke dzina lake ku Social Welfare ya Blantyre kuti adzamuganizire maphunziro akadzapezeka.