Mafunso a papepala ndi zala za amayi a kusikelo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wophunzira za makompyuta. Iye ndi anzake apanga pulogalamu ya pa foni yokumbutsa amayi oyembekezera masiku opita kusikelo. Akufunsa kuti: "Aphunzitsi akuti tiyeze ngati pulogalamuyi ndi yosavuta kugwiritsa ntchito. Titenge mafunso ati, nanga malikisi ake amawerengedwa bwanji?"

Achemwali, ambiri amayambira pa SUS, kapena kuti System Usability Scale, pepala la mafunso oyezera ngati chinthu ndi chosavuta kugwiritsa ntchito. Adailemba ndi John Brooke mu 1986 akugwira ntchito ku kampani ya Digital Equipment Corporation. Ili ndi ziganizo 10, ndipo pa chilichonse munthu amasankha nambala kuyambira 1, kukana kwamtuwagalu, mpaka 5, kuvomera ndi mtima wonse. Ziganizozo zidasanjidwa mosinthana, choyamikira kenako chodandaula. Pa zoyamikira, 1, 3, 5, 7 ndi 9, chotsani 1 pa yankho. Pa zodandaula, chotsani yankholo pa 5. Phatikizani zonse n'kuchulukitsa ndi 2.5, mupeza nambala ya pakati pa 0 ndi 100. Koma si peresenti ayi. Wofufuza wina, Jeff Sauro, ataunika kafukufuku wambirimbiri adapeza kuti pakatikati ndi 68, ndiye mukapeza 70 musayambe kululuta nthungululu, mwangopitirira pang'ono pakati.

SUS idabadwa mafoni amakonowa kulibe, ndipo sifunsa kanthu za umoyo. Chokuyenerani kwambiri ndi MAUQ (mHealth App Usability Questionnaire), pepala la mafunso a mapulogalamu a zaumoyo a pa foni, yomwe Leming Zhou ndi anzake a ku yunivesite ya Pittsburgh adatulutsa mu 2019. Ilipo mitundu inayi, kutengera ngati wogwiritsa ntchito ndi wodwala kapena wachipatala, komanso ngati pulogalamuyo imalumikiza awiriwo kapena imagwira payokha. Yanu ndi yapayokha, choncho tengani ya odwala ya ziganizo 18, yoyankhidwa kuyambira 1 mpaka 7. Chomwe ndimaikondera n'choti imafunsa ngati pulogalamu imagwirabe intaneti ikamavuta. Kwa mayi amene bando yatha dzulo, funso lalikulu ndi limenelo.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Mafunsowa adalembedwa m'Chingerezi, ndipo mawu akuti cumbersome (chovuta kugwiritsa ntchito) a mu chiganizo cha 8 cha SUS amasokoneza ngakhale odziwa Chingerezi, mpaka ofufuza ena adawasintha. Wina amasulire m'Chichewa, winanso amene sanaone choyambacho abwezere m'Chingerezi, muone pomwe tanthauzo lathawa. Ziganizo zodandaulazo muziwerenge mofatsa, chifukwa munthu akazolowera kuti "eya" amangopitiriza.

Ndiye pali ulemu wathuwu. Ndidakhalapo pa benchi pachipatala china chaching'ono ndikuyesa pulogalamu yofanana ndi yanu. Mayi wina, mwana kumsana, foni yosweka galasi pakona, adafunafuna tsiku la sikelo. Adadina apa, kubwerera, kudinanso, mpaka adapatsira kamtsikana kake ka sitandade 6 kuti kamupezere. Titafika pa mafunso, zoyamikira zonse adapereka 5. "Zili bwino kwambiri, achimwene, mwatithandiza." Sadaname. Mlendo wabwera ndi chinthu chake, ungamuuze pamaso kuti n'chovuta?

Choncho musanatulutse pepala, mupatseni munthu ntchito yeniyeni: apeze tsiku lotsatira la sikelo, asinthe nthawi ya chikumbutso. Inu khalani phee, manja kumbuyo, muzilemba pomwe wakakamira. Katswiri woyeza mapulogalamu, Jakob Nielsen, adati anthu 5 okha amaonetsa mavuto ambiri akuluakulu, ngakhale kuti malikisi odalirika amafuna anthu ochulukirapo. Ofunsa mafunso asakhale inu opanga pulogalamu, komanso asakhale anamwino amene mayiyo akumana nawo mwezi wamawa. Pezani mnzanu wa kalasi ina, ayambe ndi kunena kuti: "Sindinapange ndine, ndiye nenani momwe mwaionera."